Zubeda ndi Mphika wa Baba

Zubeda anali mtsikana wamng'ono. Ankakhala m'mudzi mwathu muno ku India. Zubeda sankatha kukhala pansi. Miyendo yake inkayabwa. Manja ake ankayabwanso. Anthu ankamutcha Kamvuluvulu.

Zubeda ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kutakasa mumphika wa Baba.

"Dikira, Zubeda," amayi ake ankatero. "Dikira ukule."

Chaka chino Zubeda anali atakula pang'ono.

Baba anali munthu woyera mtima. Anamwalira kalekale. Palibe ankadziwa dzina lawo. Palibe ankadziwa kwawo. Anangofika tsiku lina, mphika uli pamutu. Anakhala pansi pa mtengo wa nimu.

M'mawa Baba ankayenda khomo ndi khomo. Ankapita kwa Ahindu. Ankapita kwa Asilamu. Ankapempha mpunga wodzaza dzanja. Ankapempha nandolo wodzaza dzanja. Masana ankaphika. Kenako ankaitana aliyense.

"Njala sifunsa kumene umapemphera," Baba ankatero. "Bwerani, tidye."

Manda a Baba ali pansi pa mtengo womwewo. Asilamu amafunditsapo nsalu yobiriwira. Ahindu amayalapo maluwa achikasu. Mphika nawo ulipo. Ndi wamkuwa, ndi waukulu. Kamodzi pachaka, khomo lililonse limapereka mpunga ndi nandolo. Mudzi wonse umadya mumphika umodzi.

Tsikulo linafika. Zubeda anadzuka m'mamawa. Anathamangira ku mtengo wa nimu. Mpango wake unkauluka kumbuyo.

Bambo ake, a Ilyas, ankasesa pamanda. A Ramdin ankakoleza moto. A Ramdin ndi Mhindu. Ndiwo amaphika chaka chilichonse.

"Sesani bwino, achimwene," a Ramdin anatero. "Baba wathu sakonda zinyalala."

"Wanu?" a Ilyas anafunsa. "Baba anali wathu. Ankagona mumzikiti."

"Koma ankayatsa nyale m'kachisi!"

"Ankangofuna nsapato zawo. Munali mdima."

Onse awiri anaseka. Amakangana chomwechi chaka chilichonse.

Chameli anakhala pa muzu wa mtengo. Chameli ndi mwana wa a Ramdin. Ndi mnzake wa Zubeda wapamtima. Ankatunga maluwa pa ulusi.

"Tiye tithamange," Zubeda anatero.

"Lero ayi," Chameli anayankha. "Lero ndikusala kudya. Ndikoyamba. Ndalonjeza kwa Baba. Ndidya za mumphika mwawo zokha."

Pomwepo m'mimba mwa Chameli munalira. Gululu!

"M'mimba mwako simunalonjeze," Zubeda anatero.

Chameli anamuponyera duwa.

Madzi anawira. A Ramdin anathira mpunga wonse. Anathira nandolo wonse. Anathira mchere ndi chikasu. Kenako anayang'ana Zubeda.

"Kamvuluvulu, bwera kuno. Gwira mthiko."

Zubeda anathamangira ku mphika. Anakwera pa njerwa. Anagwira mthiko ndi manja awiri. Anatakasa. Anatakasanso.

"Ndilawe, amalume?"

"Ayi. Sitilawa Baba asanalandire. Timangonunkhiza."

A Ramdin ananunkhiza. Anakwinya mphuno.

"Mukusowa kanthu umu," anatero. "Ndikatenge mafuta a mkaka. Iwe takasa. Takasa ndi kudikira."

A Ramdin anapita. A Ilyas anapita kukatunga madzi. Chameli anapita kukayala maluwa pamanda.

Zubeda anatakasa. Anayang'ana kunjira. A Ramdin sanaoneke. Anatakasa. Anayang'ananso. A Ramdin sanaonekebe.

Miyendo yake inayamba kuyabwa.

"Mukusowa kanthu umu," Zubeda anadziuza.

Kwawo, chakudya chikasowa kanthu, amayi amathira msuzi wa mbuzi. Chimakoma nthawi yomweyo. Ndipo Chameli anali ndi njala. Ankayenera kudya chokoma.

Zubeda anasiya mthiko. Anathamangira kwawo. Amayi anali kuchitsime. Kamphika ka msuzi kanali pa mafuwa. Zubeda anakanyamula. Anathamanga kubwerera. Anakwera pa njerwa.

Khuthu!

Anatakasa. Fungo linakwera. Zubeda anamwetulira.

A Ramdin anafika ndi mafuta. Anaima. Ananunkhiza. Ananunkhizanso.

"Fungo ili ndi la chiyani?"

Chameli anabwera. Anasuzumira mumphika. Kanthu koyera kanayandama pamwamba. Kanazungulira. Kanamira. Kanatulukanso.

"Bambo," Chameli anatero motsitsa mawu. "Fupa."

"Si nyama ayi," Zubeda anafulumira kunena. "Ndi msuzi chabe. Munati mukusowa kanthu."

A Ramdin anakhala pansi pa nkhuni. Anagwira mutu.

"Koma mwana iwe!"

"Kwathu sitidya nyama," Chameli anatero. "Ukudziwa, Zubeda."

"Ndikudziwa. Koma msuzi ndi madzi."

"Ndi madzi a mbuzi."

"Ndiye titole fupalo. Tilitaye."

Chameli anapukusa mutu. Misozi inalengeza m'maso mwake.

A Ilyas anafika. Anatula mtsuko. Anamva zonse. Anagwada pafupi ndi mwana wawo.

"Mwanangu, Baba anali ndi lamulo limodzi. Mumphika muno mumalowa chimene aliyense angadye. Ngati wina sangadye, si mphika wa Baba."

Zubeda anaweramitsa mutu. Anayang'ana zala za kumapazi.

Anthu anayamba kufika. Nkhani inayenda pakamwa ndi pakamwa.

"Mbuzi mumphika!"

"Mumphika wa Baba?"

"Abale inu!"

Mayi Phulmati anafika ndi ndodo yawo. Ndi achikulire, ndipo mawu awo ndi aakulu.

"Ndinanena ine," anatero. "Mthiko si wa ana. Asilamu adye mbuzi yawoyo. Ife tikadyera kwathu. Tiyeni!"

Anatembenuka. Ahindu ambiri anawatsatira. Pansi pa mtengo panayamba kuchepa anthu.

"Tiye kunyumba, Chameli," a Ramdin anatero. "Amayi ako akupangira mkate wa chapati."

"Ayi, bambo. Ndinalonjeza. Ndidya za mumphika wa Baba zokha."

"Mulibe kanthu ka iwe umu."

"Ndiye ndigona ndi njala."

Gululu! M'mimba mwa Chameli munaliranso. Ulendo uno palibe anaseka.

"Tiphikenso," Zubeda anatero. "Tiphike tsopano lino!"

"Ndi chiyani?" a Ramdin anafunsa. "Mpunga wonse uli umu. Nandolo wonse ali umu."

Zubeda anaima ndi mwendo uwu. Anaima ndi mwendo uwo. Anayang'ana manda. Anayang'ana mphika.

"Bambo, Baba ankautenga kuti mpunga?"

"Khomo ndi khomo."

"Nanga akapeza chitseko chotseka?"

"Ankaima pomwepo. Ankadikira."

Zubeda anatola lichero. Bambo ake asanatseke pakamwa, iye anali kale kunjira.

Anafika kwa a Rafik, telala wa pafupi ndi mzikiti.

"Odi! Ndikupempha mpunga wa Baba."

A Rafik anayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndiwe wathira mbuzi uja?"

"Msuzi chabe."

"Ine ndamva kuti mbuzi yonse. Ndi nyanga zomwe."

"Msuzi chabe, amalume!"

A Rafik anaseka. Anathira mpunga wodzaza dzanja.

"Tenga. Koma usakathiremo ngamira."

Zubeda anathamanga. Anafika kwa woumba mbiya.

"Odi! Ndikupempha mpunga wa Baba."

"Ndapereka kale."

"Ndikudziwa. Ndalakwa ndine. Chameli sanadye."

Woumba mbiya anapukuta dothi m'manja. Anathira mpunga wodzaza dzanja.

Zubeda anathamanga. Anapita kwa wogulitsa zibangili. Anapita kwa wometa. Anapita kwa woweta njati. Anadutsa kuseri kwa kachisi. Anadutsa kuseri kwa mzikiti. Nkhuku zinabalalika. Fumbi linati kobo.

"Odi! Odi! Odi!"

Ena anamuseka. Ena anamukalipira. Koma dzanja ndi dzanja, lichero linalemera.

Kumtsinje nako kunali ntchito. Chakudya choyamba chija sichinatayidwe. Amayi ake a Zubeda anachiika m'mabeseni. Ngolo inachipititsa kwa anthu okonza msewu. Iwo amadya nyama, ndipo anakondwa.

A Ilyas anagubuduza mphika mpaka kumadzi. Anaukwecha ndi mchenga. Anaukwecha ndi phulusa. A Ramdin anaima pambali, manja kumbuyo.

"Apo, achimwene. Pansi pa mlomo apo."

"Ndakwechapo kale."

"Kwechaninso. Mbuzi ikadali kulira."

A Ilyas anakwechanso. Kenako a Ramdin anatsukuluza okha. Mphika unawala ngati dzuwa.

Zubeda anafika ali wefuwefu. Anatula lichero.

"Mpunga uwu!"

A Ramdin anaviika dzanja mumpunga.

"Wakwana. Nanga nandolo?"

"Aliyense akuti watha."

"Latsala khomo limodzi," a Ramdin anatero. "Kwa mayi Phulmati."

Zubeda anawerama. Anatolanso lichero. Anathamanga, koma pang'onopang'ono.

Chitseko cha mayi Phulmati chinali chotseka.

"Odi!"

Zii.

"Odi, agogo! Ndikupempha nandolo wa Baba."

"Kulibe anthu kuno!" mawu anatuluka m'nyumba.

"Nanga akuyankhulawo ndani?"

"Mphaka. Choka!"

Miyendo ya Zubeda inayabwa. Inkafuna kuthawa. Inkafuna kuthawira kutali. Zubeda anaiyang'ana.

"Dikirani," anaiuza.

Dzuwa linkawotcha. Ntchentche inatera pamphuno pake. Zubeda sanachoke. Thukuta linatsika m'khosi. Zubeda sanachoke. Nyerere inakwera pa phazi lake. Zala zinavina. Koma Zubeda sanachoke.

Windo linatseguka pang'ono. Diso limodzi linasuzumira.

"Ukadali pompo?"

"Eya, agogo."

"Iwe Kamvuluvulu? Waima malo amodzi?"

"Zikupweteka, agogo. Koma ndaima."

"Ukufuna chiyani kwenikweni?"

"Pepani. Ndalakwa. Chameli akusala kudya. Akuti agona ndi njala."

Windo linatsekeka. Zubeda anafuna kulira. Koma anaimabe.

Kenako chitseko chinalira. Kwee! Mayi Phulmati anatuluka ndi nsengwa yodzaza nandolo.

"Amayi anga ankanena," anatero. "Baba anaima pa khomo lino tsiku lina. Agogo anga anali atatseka. Baba anaima mpaka mpunga unapserera m'nyumba." Anathira nandolo m'lichero. "Tsogola. Ndikubwera ndikaone ndekha zolowa mumphikamo."

Mayi Phulmati anayenda ndi ndodo yawo. Go! Go! Go! Ankamenya chitseko chilichonse.

"Tulukani! Mwakhaliranji m'nyumba? Lero ndi tsiku la Baba!"

Anthu anatuluka. Anawatsatira.

Moto unayakanso. Madzi anawiranso. A Ramdin anathira mpunga. Anathira nandolo. Anathira mchere, chikasu ndi mafuta a mkaka. Mayi Phulmati ankayang'ana chilichonse.

Kenako a Ramdin anatola mthiko. Anaugwira kanthawi.

"Kamvuluvulu, bwera kuno."

"Ine, amalume?"

"Mpungawu wabwera ndi ndani? Gwira. Koma tambasula manja kaye."

Zubeda anatambasula manja. Munalibe kanthu.

"M'thumba?"

Munalibenso kanthu. Anthu anaseka. Zubeda anakwera pa njerwa. Anatakasa. Anatakasa mpaka manja anatopa.

"Basi," a Ramdin anatero. Anavundikira mphika. "Tsopano tidikire."

Dzuwa linali litapendeka. Chameli anatsamira mtengo. Milomo yake inali itauma. Zubeda anakhala pambali pake.

Amayi ake a Zubeda anabwera ndi chapati.

"Idya, mwanangu. Wathamanga tsiku lonse."

Chapati inkanunkhira. M'kamwa mwa Zubeda munadzaza malovu. Anayang'ana chapati. Anayang'ana Chameli.

"Ayi, amayi. Ndidikira ndi Chameli."

"Iwe sukusala," Chameli anatero.

"Ndayamba tsopano."

Gululu! M'mimba mwa Zubeda munalira.

"M'mimba mwako simunalonjeze," Chameli anatero.

Zubeda anaseka. Chameli anasekanso, pang'ono.

Kudikira kunali kovuta. Zubeda anapinda miyendo. Anaitambasula. Anaipindanso.

"Wapsa, amalume?"

"Sunapse."

Zubeda anawerenga masamba a nimu. Anasokonezeka. Anayambanso.

"Wapsa, amalume?"

"Sunapse!"

Chameli anamupatsa ulusi ndi maluwa.

"Tunga. Manja akatanganidwa, miyendo imaiwala."

Zubeda anatunga duwa. Anatunga lina. Ulusi unadzaza.

Kumzikiti anaitana anthu ku mapemphero. Kukachisi belu linalira. A Ramdin anavundukula mphika. Nthunzi inakwera mpaka m'nthambi.

"Wapsa!"

A Ramdin anapakula pa tsamba. A Ilyas analandira. Awiriwo anakaika tsambalo pamanda. A Ilyas anatambasula manja. A Ramdin anagunditsa zikhatho. Zubeda ndi Chameli anayala maluwa awo pa nsalu yobiriwira.

Anthu anakhala pansi m'mizere. Telala anakhala ndi woumba mbiya. Mayi Phulmati anakhala ndi amayi ake a Zubeda. Aliyense analandira pa tsamba lake.

"Njala sifunsa kumene umapemphera," a Ramdin anatero.

"Bwerani, tidye," onse anayankha.

Zubeda sanagwire chakudya chake. Ankayang'ana Chameli. Chameli anatapa ndi zala. Anauzira. Anaika m'kamwa. Anatafuna. Anameza. Anatseka maso.

"Bwanji?" Zubeda anafunsa. "Chikukoma?"

Chameli anakwinya mphuno ngati bambo ake.

"Mukusowa kanthu umu," anatero.

Zubeda anadzambatuka.

"Khala pansi!" mudzi wonse unakuwa.

Chameli anaseka mpaka kutsamwa. A Ilyas anaseka. A Ramdin anaseka. Mayi Phulmati anabisa pakamwa ndi nsalu.

"Ndikunama," Chameli anatero. Anakoka dzanja la mnzake. "Simukusowa kanthu. Idya."

Zubeda anakhala pansi. Anakhala pakati pa Chameli ndi amayi ake. Anatapa ndi zala. Chinali chotentha. Chinali chokoma.

"Mwaona, achimwene?" a Ramdin anatero. "Baba wathu watidyetsa."

"Wathu," a Ilyas anatero. Anawonjezera chakudya pa tsamba la a Ramdin. Ulendo uno sanatsutse.

Zubeda anadya mpaka kukhuta. Chameli anadya mpaka kukhuta. Miyendo ya Zubeda inali phee.

Kenako chala chimodzi chinayamba kuvina.

"Chameli," ananong'ona. "Tiye tithamange."

Ndipo anathamanga.